Kalata yotseguka: mwana wa eni mwamuitana kusukulu, nanga agona kuti?

Kwa Olemekezeka a Nduna oyang'anira maphunziro a ukachenjede,
kwa akuluakulu a bungwe la National Council for Higher Education,
kwa atsogoleri a mayunivesite ndi makoleji m'dziko muno,
komanso kwa a Bwanamkubwa a ku Chikwawa ndi a ku Nsanje pamodzi ndi mafumu athu.

Zikomo mabwana ndi madona,

Ndine mphunzitsi wopuma pantchito, ndipo ndikulemba ndili ku Bangula, m'chigwa cha Shire, kumene kulibe yunivesite ya boma. Ija anatilonjeza malemu Bingu wa Mutharika, yoti idzamangidwe kuno n'kumaphunzitsa za thonje ndi za madzi, tidakaidikirabe. Ndiye wina afunsa kuti nkhalamba ya kuchigwa ikulowerera bwanji nkhani ya malo ogona a ophunzira ochokera kunja. Ndikulowerera chifukwa ophunzirawo amadutsa pakhomo pathu. Ena amakwera: alowera pachipata cha Marka kuchokera ku Mozambique, ulendo wa ku Blantyre, Thyolo kapena Zomba kukafuna sukulu. Ena amatsika: atsetsereka mitunda ya ku Thabwa kudzachita kafukufuku kapena kudzaphunzira ntchito m'zipatala zathu. Onsewa mumawalembera kalata yabwino yoti mwawatenga. M'kalatamo mumatchula fizi, tsiku lotsegulira sukulu ndi nambala ya akaunti ya kubanki. Pa za kogona, kawirikawiri pamangokhala kachiganizo kamodzi, koti malo ndi ochepa ndipo sukulu siikulonjeza kanthu.

Pempho langa ndi limodzi. Sukulu imene yaitana mwana wa dziko lina izidziwa kumene mwanayo akugona, ndipo wina wa kusukuluko akhale kuti anapondako phazi, analowa m'chipindamo, anaona chimbudzi ndi loko wa pachitseko, mwanayo asanatulutse ngakhale tambala.

Sindikupempha zachilendo. Mu Sepitembala 1997 atsogoleri a mayiko a SADC anakumana mumzinda wa Blantyre, konkuno kwathu, nasaina mgwirizano wa zamaphunziro umene unayamba kugwira ntchito m'chaka cha 2000. M'menemo mayiko anavomera kulimbikitsa mayunivesite awo kuti pa malo 100 aliwonse, osachepera 5 azisungira ophunzira ochokera m'mayiko anzawo a SADC. Anavomeranso kuti mkati mwa zaka 10, wophunzira wa ku SADC aziwerengedwa ngati mwana wa pakhomo pankhani ya fizi ndi ya malo ogona. Zaka 10 zimenezo zinakwana mu 2010. Ana amene anabadwa chaka chosainira mgwirizanowo pano ali pantchito, ena ali ndi mabanja. Ndikupempha a Nduna kuti autulutse m'kabati mgwirizano umenewu, auwerengenso pamene pakunena za malo ogona, kenako afunse sukulu iliyonse kuti pa chimenechi yachitapo chiyani.

Mukamva zoti wophunzira wochokera kunja, ndikuganiza kuti ambiri mumaona mzungu wa chikwama kumsana, kapena mwana wa kazembe wotsika ndege pa Chileka. Oterowo alipo, koma sasowa pogona. Ndalama ya loji ali nayo, ndipo galimoto ya sukulu imathamangira kukawachingamira. Amene ine ndikunena ndi mwana wa ku Mutarara, ku Doa kapena ku Morrumbala m'dziko la Mozambique, wolankhula Chisena chimodzimodzi ndi mwana wa kwa Ndamera, amene agogo ake amawoloka malire kudzagula sopo ndi shuga kumisika yathu. Papepala ndi mlendo, ndipo m'sukulu zambiri fizi yake ndi yokwera kuposa ya Mmalawi, nthawi zina yotchulidwa m'madola. Pankhope ndi pachilankhulo ndi mwana wa m'mudzi, choncho palibe amaganiza zomuchingamira. Ofesi ya alendo siimuona, ndipo pamzere wa ana a m'dziko muno dzina lake palibe. Pambali pa iyeyu pali wa ku Zambia, wa ku Zimbabwe, wa ku Tanzania, ana a anthu wamba amene makolo awo agulitsa ziweto kuti mwana adzaphunzire unamwino kapena zomangamanga kuno.

Ife a kuchigwa nkhani yosunga alendo sitinaiwerenge m'mabuku. Nthawi ya nkhondo ya Frelimo ndi Renamo, dziko lino linalandira anthu a ku Mozambique oposa 1 miliyoni, ndipo kuno ku Nsanje inafika nthawi yoti othawa nkhondo anachuluka kuposa eni nthaka. Ena anali m'misasa ngati wa Mankhokwe, koma ambiri anayamba akhala m'makomo mwathu, kudya nafe mapira, ndipo chaka cha njala kukumba nafe nyika kudambo. Mtendere utasainidwa ku Rome mu 1992 anabwerera kwawo, koma chibale chinatsala. Kumapeto kwa 2024, zipolowe za pambuyo pa chisankho zitabuka kwawoko, anabweranso, ndipo boma linawasonkhanitsa ku Nyamithuthu. Mfumu ya kuno ikalandira mlendo imadziwa khomo limene wagona ndi munthu amene amuyankhire pakagwa kanthu. Ndimadabwa kuti dongosolo limene nyakwawa amalikwanitsa ndi kope la m'thumba likukanika kumalo kumene kuli makompyuta ndi madokotala a maphunziro.

Tiyeni tione kumene mwana wotereyu angagone. Koyamba ndi hositelo ya pasukulu, ndipo ndi kumene kholo lililonse limafuna: pali mpanda, pali alonda, laibulale ili pafupi, mtengo ndi wodziwika. Koma tonse tikudziwa kuti ophunzira achuluka kuposa mabedi. Yunivesite ya sayansi ya MUST inatsegulidwa ku Ndata, ku Thyolo, mu 2014. Yunivesite ya Malawi inagawidwa mu 2021, makoleji ake ena n'kuima paokha ngati mayunivesite a MUBAS ndi KUHeS. Makoleji oti si aboma akumera chaka ndi chaka. Makalasi akudzaza, ndipo zimenezo n'zabwino, koma nyumba zogona sizinatsatire. N'chifukwa chake Chikanda ku Zomba, Chitawira ndi Zingwangwa ku Blantyre, Goliati ku Thyolo ndi Luwinga ku Mzuzu kwadzaza ophunzira a lendi. Tsono pamene bedi likuperekedwa kwa amene wayamba kulipira, wa kunja amakhala wotsiriza ngakhale atachita changu chotani. Ndalama yake iyenera kusinthidwa kuchoka ku metikali ya ku Mozambique kapena ndalama ina ya kwawo, idutse m'mabanki awiri, umboni woti yafika ukapezeke ku ofesi ya zachuma. Chitupa chake cha wophunzira chikadali ku nthambi yoona za olowa ndi otuluka m'dziko. Kalata yomutenga mwina yamupeza mochedwa. Pofika pasukulu apeza mndandanda wa mahositelo unatsekedwa kalekale.

Ena amafikira kwa achibale kapena kwa anthu a mpingo. Zimathandiza sabata zoyamba. Amati mlendo ndi mame, koma uyu ndi mlendo wa zaka zinayi, ndipo m'nyumba ya zipinda ziwiri ya m'tauni, mokhala kale anthu asanu ndi awiri, mapeto ake mtsikana amasanduka wantchito wosalipidwa, kuwerenga n'kumachita ena atagona. Za loji sindinenapo; ndi za a madola.

Kotsala ndi kwa malandilodi, ndipo ndi kumene ambiri amathera. Ndinaziona pafupi ndi mtsikana wina, mdzukulu wa mayi amene tinawasunga pakhomo pathu nthawi ya nkhondo ija. Anamaliza kalasi ya 12 kwawo ku Mutarara, Chingerezi anachilimbikira yekha, ndipo koleji ina ya ku Blantyre inamutenga. Asananyamuke n'komwe anamva kuti hositelo yadzaza. Pagulu la WhatsApp la ophunzira atsopano panali munthu wotumiza zithunzi za zipinda zooneka bwino, pansi matailosi, bafa mkati, ati kukafika kukalasi ndi wapansi. Ankafuna dipoziti ndi lendi ya miyezi itatu kudzera pafoni, tsiku lomwelo, ati ofuna ndi ambiri. Bambo ake anagulitsa mbuzi n'kutumiza. Mwanayo anagona kwathu, m'mawa tinamukweza minibasi pa Bangula. Atafika mumzinda madzulo, nambala ya dobadoba uja inali yozima. Anandiimbira ali pa depoti, katundu ali pamapazi, nati: "Agogo, munthu uja sakupezeka. Ndilowere kuti?" Usiku umenewo anagona kwa mayi wina wa mpingo wathu amene ndinachita kuwadzutsa pafoni.

Chipinda chimene anachipeza pambuyo pake ndinakachiona ndekha. Kale inali okala. Chitseko chake chimatsegukira kumsewu, ndipo zenera logulitsira lija analikhoma ndi thabwa, kotero kuti ngakhale masana amawerenga atayatsa getsi. Mkati munalibe chokhomera china koma msomali wopinda. Chimbudzi ndi chimodzi cha mabanja onse a pamalopo, chili kuseri, njira yake yamdima. Mita ya magetsi ndi imodzinso, ili m'nyumba mwa landilodi, ndipo mayunitsi akatha ndi iyeyo amagamula kuti aliyense asonkhe zingati. Wophunzira akangooneka ndi ketulo kapena laputopu, gawo lake limakwera. Pangano lolemba panalibe. Lendi imene anamuuza poyamba inakwera mwini nyumba atangomva kuti akuchokera kutsidya kwa malire. Atakadandaula ku koleji anamuyankha mwaulemu ndithu, koma yankho linali loti za kunja kwa mpanda si za sukulu.

Apa ndi pamene ndikutsutsana nanu, mabwana. Mtsikanayo sanabwere ku Blantyre kudzaona mzinda. Anabwera chifukwa cha kalata yokhala ndi chidindo chanu, ndipo chitupa chimene chikumulola kukhala m'dziko muno chinaperekedwa chifukwa cha kalata yomweyo. Mwamulowetsa m'dziko ndinu. Simunganene kuti ndi wanu kuyambira 8 koloko m'mawa mpaka 5 koloko madzulo, usiku ndi wa aliyense. Ndipo kwa mwana wamkazi nkhani ya lendi siithera pa ndalama. Landilodi kapena mwana wake akadziwa kuti mtsikanayu alibe mbale mumzinda, kupolisi sakudziwako, ndipo akuopa kuti akachita phokoso mapepala ake avuta, mwezi umene ndalama yachedwa amayamba kulankhula zina. Aliyense amene anayang'anirapo atsikana kusukulu yogonera komweko akudziwa chimene ndikunena.

Muzikumbukiranso kuti wa kunja alibe kotsamira. Bungwe lopereka ngongole kwa ophunzira, lija linakhazikitsidwa mu 2015, limathandiza Amalawi, ndipo ndi mmene ziyenera kukhalira. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, lendi, makala ndi ufa zinakwera, ndipo eni nyumba ena anazolowera kuganiza kuti aliyense wa pasipoti yachilendo ali ndi madola m'thumba. Mwana wa mlimi wa chitowe wa ku Doa alibe dola. Ali ndi ndalama imene bambo ake amatumiza akagulitsa mbewu, kamodzi pachaka.

Chinthu china chimene sindinamvepo wina akuchikamba ndi tchuthi. Semesita ikatha, mahositelo amatsekedwa, aliyense atenge katundu wake. Mwana wa ku Ntcheu akwera basi, madzulo ali kwawo. Nanga wa ku Morrumbala, nyengo ya mvula? Ife tinaona mu Januwale 2022 namondwe Ana atadula msewu wa M1 m'malo angapo kuno kuchigwa n'kuwononga malo opangira magetsi a Kapichira. Tinaonanso Freddy mu Malichi 2023. Msewu wolowera pamlatho wa Chiromo unakokoloka kalekale mu 1997, ndipo kuyambira pamenepo wofuna kuwolokera kuvuma kwa Shire amadalira bwato kapena kuzungulira ku Thabwa. Nthawi ngati zimenezo mwana amene mwamutulutsa m'hositelo sangafike kwawo, ndipo kubwerera kusukulu sakuloledwa. Palinso kutseka kwadzidzidzi, monga mu Malichi 2020 sukulu zonse zitatsekedwa chifukwa cha Covid-19, kapena pamene ophunzira achita zionetsero ndipo akuluakulu alamula kuti pofika madzulo pasukulu pasapezeke munthu. Chilengezo choterocho chimalembedwa ngati kuti aliyense kwawo ndi pafupi. Kusiya chipinda chimodzi kapena nyumba imodzi yotsegula nthawi ya tchuthi, ya ophunzira akutali, iwo n'kumalipira kangachepe, sikufuna ngongole ya ku China. Kukungofuna munthu wokumbukira.

Tsopano ndinene za amene amatsika kuno, ndipo apa a Bwanamkubwa ndi mafumu mutchere khutu, chifukwa ndi za pakhomo panu. Chigwa chino ndi kalasi ya mayunivesite ambiri, ngakhale chilibe yakeyake. Ku Majete, kumene bungwe la African Parks lakhala likuyendetsa kuyambira 2003, kwabwera ophunzira a ku Stellenbosch kudzafufuza za nyama, ndipo m'midzi yozungulira nkhalangoyi munachitika kafukufuku wa malungo wogwirizana ndi mayunivesite a ku Netherlands. Elephant Marsh inalowa pamndandanda wa madambo ofunika padziko lonse mu 2017, ndipo ofufuza za mbalame, nsomba ndi madzi amaifuna. Kuli nkhalango za nyama za Lengwe ndi Mwabvi, kuli malo a kafukufuku wa zaulimi a Kasinthula, kuli minda ya nzimbe ya ku Nchalo ndi ngalande yaikulu ya ulimi wothirira yochokera ku Kapichira. Kuli zipatala: cha boma ku Chikwawa ndi ku Nsanje, Montfort ku Nchalo, Trinity ku Muona. Madzi osefukira nawonso, tsoka lathu lija, ena amalembera madigiri.

Amene abwera pansi pa pulojekiti yaikulu amakhala bwino, nyumba ya mafani ndi jenereta, galimoto pakhomo. Koma pali wina wobwera yekha, wa digiri yachiwiri, wochokera ku Lusaka, Nairobi kapena Maseru, ndalama yake yowerengeka. Ameneyu amatsika minibasi pa Ngabu kapena pa Nchalo n'kufunsa wa kabaza kuti nyumba za lendi zili kuti. Mnyamata wina wotere anachita lendi pafupi ndi kwathu. Anafika mu Julaye, kukuzizira bwino, nyumba n'kuikonda: yatsopano, yopaka laimu, malata owala. Sanadziwe kuti malata otsika opanda siling'i, mu Okutobala ndi Novembala pamene kuno kumatentha kupitirira madigiri 40, salola munthu kukhala m'nyumba masana, ndipo usiku makoma amakhala akutulutsabe moto. Kandulo imene anaisiya pazenera anaipeza itapindika. Sanadziwe kuti mjigo wapafupi madzi ake ndi amchere, oti sopo sachita thovu ndipo tiyi sakoma, kotero kuti madzi akumwa ayenera kugula kwa a zigubu ochokera kumjigo wina. Mazenera analibe sefa ya udzudzu, ndipo iye anachokera kumapiri kumene malungo si ambiri. Atadwala anadwala zenizeni. Chimene chinandipweteka kwambiri n'chakuti pansi pa laimu uja, chakumunsi kwa zenera, panali mzere wa matope wosonyeza pamene madzi anafika chaka cha Freddy. Mwana aliyense wa m'mudzimo ankaudziwa mzerewo. Mlendo yekha ndi amene sanauzidwe.

Pamenepa ife eni chigwa sitili oyera. Tikamva kuti wabwera wophunzira wa kunja, lendi timaiwirikiza. Choipa kwambiri, ena amatulutsa amene analimo kale, namwino wophunzira ntchito kapena mphunzitsi wongoyamba kumene, kuti alowetse wa ndalama zambiri. Mlendo uja akhala miyezi yochepa n'kupita, koma mtengo sutsikanso, ndipo amene amavutika nawo ndi mwana wathu yemwe. Ndiye nkhani ya kogona kwa alendo musaione ngati ya alendo okha. Ikasiyidwa m'manja mwa madobadoba, imakweza lendi ya aliyense pa Nchalo, pa Ngabu, pa Bangula ndi pa boma.

Chimene ndikufuna chichitike si chovuta kumvetsa. Sukulu iliyonse ikhale ndi kaundula wa nyumba zimene yaziyendera, mogwirizana ndi khonsolo ya mzinda kapena ya boma. Alangizi a zaumoyo tili nawo kale m'madera onse, ndipo amadziwa kuona chimbudzi ndi madzi. Woyendera aone ngati chitseko chili ndi loko wamkati, ngati mpweya ukulowa, ngati anthu ogwiritsa ntchito chimbudzi chimodzi sanachuluke, mita ya magetsi ili bwanji, ndipo kuno kuchigwa afunsenso za siling'i, za sefa pamazenera, za kukoma kwa madzi, ndi pamene madzi osefukira anafika mu 2015, mu 2019, mu 2022 ndi mu 2023. Nyumba yolowa m'kaundula ikhale ndi mtengo umodzi wolembedwa, wa Mmalawi ndi wa mlendo chimodzimodzi. Pakhale pangano lolemba la tsamba limodzi, m'Chichewa, m'Chingerezi ndi m'Chipwitikizi, lonena za dipoziti, za magetsi, za madzi ndi za nthawi yochenjezana munthu asanatulutsidwe. Mwini nyumba amene wavutitsa wophunzira achotsedwe m'kaundula, ndipo ophunzira auzidwe. Eni nyumba abwino, amene ndi ambiri, adzachita kupempha okha kulowamo, chifukwa alendi adzawapeza popanda kudyetsa dobadoba.

Kwa wophunzira wa kunja wa chaka choyamba, ndikupempha kuti semesita yoyamba yokha bedi la pahositelo likhale lake, losungidwa kuyambira tsiku limene wavomera malo, osati tsiku limene ndalama yake yaoneka kubanki. Pakutha pa miyezi inayi adzakhala atadziwa mzinda, atapeza anzake, atamva kuti kwa uje ndi kwabwino, kwa uje kumabedwa. Akatero atha kutuluka, bedi n'kupatsa wina. A National Council for Higher Education, inu mumayendera sukulu musanazivomereze, mumaona makalasi, mabuku ndi mapepala a aphunzitsi. Onjezani funso limodzi: ophunzira amene sali pahositelo, makamaka akunja, akugona kuti, ndipo kaundula wake ali kuti? Sukulu yolephera kuyankha isaloledwe kulengeza malo kunja kwa dziko.

Ndikudziwa chimene ena anene, ndipo ndachimva kale pamaliro ndi pamsika: ana athu omwe akugona awiri pabedi limodzi mozemba, ena akugona m'makalasi, inu mukulirira ana a eni? Funso limeneli ndi loona ndipo sindikulipeputsa. Ndaphunzitsa ana a kwa Tengani ndi a kwa Mbenje amene anasankhidwa kupita ku yunivesite n'kutsala pang'ono kusiya chifukwa cha lendi. Koma taonani bwino. Mwana wa kwa Chapananga kapena wa kwa Nyachikadza akatsika basi ku Zomba koyamba, kusiyana kwake ndi wa ku Mutarara ndi pasipoti yokha. Nayenso sadziwa Chikanda, nayenso dobadoba amamudya. Kaundula wa nyumba zoyenderedwa, mtengo wolembedwa ndi pangano la papepala zidzamuteteza iyenso tsiku lomwelo. Mabedi amene ndikupempha kuti asungidwe ndi ochepa, chifukwa ophunzira akunjawo si ambiri. Ndipo popeza amalipira fizi yokwera, ndi chilungamo kuti gawo la ndalama yowonjezerayo lilembedwe padera kuti ndi la kumanga mahositelo, m'malo molowa m'thumba limodzi ndi mafuta a galimoto za mabwana. Ana athunso akupita ku South Africa, ku Zambia, ku India ndi ku China. Kholo lililonse limene linaperekezapo mwana pa Chileka kapena pa Kamuzu International Airport limadziwa funso limene limalisowetsa tulo usiku woyamba.

Kwa mafumu athu, a Lundu, a Ngabu, a Tengani, a Malemia, a Mlolo ndi ena nonse, gawo lanu ndi limene sukulu sizingalikwanitse. Wophunzira wobwera kudzafufuza m'mudzi amafika kale kwa inu kudzapempha chilolezo cholankhula ndi anthu. Pomwepo mufunseni kumene akugona. Alipo mabanja amene ana awo anakula n'kuchoka, zipinda zili zopanda anthu, ndipo angasunge wophunzira bwino, adye nawo nsima ya mapira ndi nsomba za m'Shire, aphunzire Chisena kapena Chimang'anja, pamtengo wogwirizana pamaso pa nyakwawa. Kumeneko ndi kumene angauzidwe zoti asasambe kapena kuchapa pagombe lakuti chifukwa cha ng'ona, zoti njira yakuti imaduka mvula ikagwa kumapiri a Thyolo ngakhale kuno kuli dzuwa, ndi zoti chenjezo likamveka anthu amathawira kusukulu iti. Dzina lake ndi nambala yake zikhalenso ndi komiti ya m'mudzi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, kuti usiku wa madzi powerenga anthu asaiwalike.

A Bwanamkubwa, ofufuza ndi ophunzira ntchito amadutsa m'maofesi anu, ku zaumoyo, ku zaulimi, ku zamaphunziro, kudzasiya makalata awo. Ndikupempha kuti mvula isanayambe muitanitse msonkhano wa eni nyumba za lendi a pa boma, pa Nchalo, pa Ngabu ndi pa Bangula, pamodzi ndi alangizi a zaumoyo ndi apolisi a m'madera, kuti kaundula wa kuchigwa ayambike. Ndipo inu atsogoleri a sukulu, makalata otenga ophunzira a chaka chikubwerachi asatuluke opanda ndime ya kogona: mabedi alipo angati, kaundula wa nyumba ali pati, chenjezo loti asatumize ndalama kwa munthu amene sukulu siikumudziwa, ndi nambala ya foni ya munthu weniweni amene adzayankhe ngakhale basi itafika usiku.

Ine wanu,
Mphunzitsi wopuma pantchito,
Bangula, Nsanje.